Kope ndi cholembera polimbana ndi zolaula: zimathandiza bwanji, nanga akatswiri akukanganira pati?

Masiku ano munthu ukalimba mtima n'kuuza mlangizi kapena mkulu wa achinyamata ku tchalitchi zoti makanema olaula akukukanika kusiya, malangizo amene ayamba kumveka pafupipafupi ndi oti gula kope uzilemba tsiku lililonse. Ambiri akamva amangoseka, eti kope lomwe lija la ku pulayimale lingathe chinthu chimene munthu wachilephera ndi mapemphero, kusala kudya, kudilita zonse mu foni, mpaka ena kugulitsa foni yeniyeniyo pa msika wa Limbuli kenaka mwezi usanathe agulanso ina? Ena amati ndi za azungu, ena amati ndi kulapa kwa pepala. Nkhaniyi ili ndi mbali zingapo zimene anthu amangoziphatikiza, nde tizimasule imodzi imodzi.

Vuto limene tikunenali ndi liti kwenikweni

Amene anakulira pa Luchenza, pa Chitakale kapena pa Bvumbwe zaka za m'ma 2000 akukumbuka kuti zinthu izi zinali za mu vidiyo sho usiku ana atathamangitsidwa, ndipo kuti ukaonere unkayenera kuyenda, kulipira pakhomo, komanso kupirira mantha oti wina wa ku mpingo kwanu akuona ukutuluka. Kenaka kunabwera mamemore kadi obenetsa pa tiredingi senta, pano ndi magulupu a pa WhatsApp ndi kutumizirana pa Xender kosafuna olo bandulo. Mtunda uja, ndalama ija ndi manyazi aja zinkamubweza munthu, pano zonse zinachoka, watsala yekha ndi bulangete ndi foni.

Komabe si aliyense woonera amene ali ndi vuto limene achipatala amalitenga ngati matenda. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lili ndi m'ndandanda wa matenda wotchedwa ICD-11, umene unavomerezedwa mu 2019 n'kuyamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2022, ndipo mmenemo pa nambala 6C72 anaikamo vuto la kulephera kudzigwira pa zachiwerewere, kuonera zolaula mosadziletsa kumalowa momwemo. Sawerenga kuti waonera kangati. Amayang'ana ngati chinthucho chafika pokhala phata la moyo wako mpaka wasiya kudzisamala ndi kusamala ntchito kapena banja, ngati wayesa kangapo kuchepetsa n'kulephera, ngati ukupitirizabe olo zikukupweteketsa kapena olo sukumvanso kukoma kulikonse, ndipo zikhale kuti zatenga nthawi, monga miyezi 6 kapena kupyola apo. Palinso mfundo ina imene anthu amaidumpha, WHO inanena kuti ngati munthu akuvutika mtima chifukwa chongodziweruza kuti wachita choipa, zimenezo pazokha sizikwana kunena kuti ali ndi matendawa.

Kafukufuku wina wamkulu amene anatuluka mu 2023, wofunsa anthu oposa 80,000 m'mayiko 42, anapeza kuti pafupifupi anthu 5 mwa 100 alionse ali pachiopsezo chachikulu cha vutoli. Amuna ndi amene amachuluka koma akazi alimonso, kungoti kuno kwathu mtsikana kapena mayi wapabanja kuti atsegule pakamwa pa nkhani ngati iyi ndi zovuta kawiri.

Pamene palibe mkangano ndi pa zolaula za ana. Lamulo la dziko lino la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act limaletsa kupanga, kusunga kapena kufalitsa zithunzi ndi makanema oterowo, nde zikafika mu gulupu yanu imeneyo ndi nkhani ya kupolisi, si ya kope ayi.

Chibaba, ndi mkangano wa zimene zimachitika mu ubongo

Wosuta fodya aliyense amachidziwa chibaba, thupi kufuna chinthu mwamphamvu pamene mtima ukudziwa kuti ukatha kusuta sudzamva kukoma kwina kulikonse. Akatswiri awiri a pa yunivesite ya Michigan ku America, Terry Robinson ndi Kent Berridge, anafotokoza mu 1993 kuti mu ubongo kufuna chinthu ndi kusangalala nacho zimayenda njira zosiyana. Kemiko yotchedwa dopamine imakankha kwambiri mbali ya kufuna, ndipo munthu akazolowera chinthu, zizindikiro zake zokha, malo, nthawi, fungo, kulira kwa meseji, zimayamba kudzutsa kufuna kuja olo kusangalala kutachepa. N'chifukwa chake mumamva munthu akuti "sindikuzikondanso koma ndimangopezeka ndatsegula".

Funso ndi loti kodi zolaula zimagwira ubongo mofanana ndi mowa, fodya kapena mankhwala ozunguza bongo? Apa ndi pamene agawanika. Mu 2014 gulu la Valerie Voon ku Cambridge linajambula ubongo wa amuna 19 amene ankalephera kudzigwira, n'kuyerekeza ndi amuna ena 19, ndipo linapeza kuti akaonetsedwa makanema olaula mbali zina za ubongo wawo zinkayaka mofanana ndi mmene zimachitira kwa ogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo. Chaka chotsatira Nicole Prause ndi anzake ku America, poyeza ndi njira ina ya mphamvu za magetsi za mu ubongo, anapeza zosiyana ndi zimene zimaoneka kwa anthu a mankhwala aja. Bungwe la madokotala a matenda a maganizo ku America, potulutsa buku lawo la DSM-5 mu 2013, linavomera juga kukhala m'gulu limodzi ndi mowa ndi mankhwala, koma la zachiwerewere analikana ati umboni sunakwane. WHO nayo olo inalilemba vutoli, inaliika m'gulu la kulephera kudziletsa, osati limodzi ndi mowa.

Kenaka pali Joshua Grubbs, katswiri wina wa za maganizo wa ku America, amene wakhala akupeza kuti anthu opemphera kwambiri, amene amaona zolaula ngati tchimo lalikulu, ndi amene amafulumira kudzitcha akapolo a zolaula olo akuonera mwa apo ndi apo, pamene wina woonera tsiku ndi tsiku koma wosadziimba mlandu sadandaula. Abusa, ansembe ndi mashehe akhoza kuyankha kuti chimenecho ndi chikumbumtima chikugwira ntchito yake, madokotala ena akhoza kuyankha kuti munthu wotero akufunika thandizo pa manyazi ake kuposa pa foni yake. Kudera ngati kuno kwa CCAP, Katolika, Seventh Day ndi mizikiti, mfundo ya Grubbs ikutikhudza kwambiri, ndipo aliyense aiyeza ndi chikhulupiriro chake.

Chimene mbali zonsezi sizikana ndi chakuti kuonera sikungogwa kuchokera kumwamba, kumakhala ndi zinthu zimene zatsogola, ndipo munthu akafunsidwa patapita masiku amazikumbuka molakwika. Ntchito ya kope ili pamenepo.

Kulembaku kunachokera kuti

Si zatsopano ndipo sizinayambire ku chipatala. Ignatius wa ku Loyola, amene anayambitsa chipani cha maJesuit mu mpingo wa Katolika, m'malangizo ake a moyo wauzimu amene anasindikizidwa mu 1548 ankauza munthu kuti asankhe chofooka chimodzi, adzifufuze kawiri patsiku, masana ndi madzulo atatha kudya, aike kadontho pa mzere nthawi iliyonse imene wagwa, kenaka ayerekeze lero ndi dzulo, sabata ino ndi yatha. Asilamu ali ndi muhasaba, kudziwerengera wekha zochita zako. Gulu la anthu ofuna kusiya mowa la Alcoholics Anonymous limene linayamba mu 1935 ku Akron, Ohio, pa masitepe ake 12 lili ndi sitepe 4 yodzifufuza mopanda mantha ndi sitepe 10 yopitiriza kudzifufuza, ndipo magulu a anthu ovutika ndi zachiwerewere amene anayamba m'zaka za m'ma 1970 anatengera zomwezo.

Ku mbali ya chipatala kuli mitundu iwiri ya kulemba, ndipo anthu akamati "lemba dayale" nthawi zambiri sanena kuti uti.

Woyamba ndi wolemba zochitika. Aaron Beck, dokotala wa ku Philadelphia amene m'zaka za m'ma 1960 anayala maziko a uphungu umene pano umatchedwa CBT, ankapempha odwala ake kuti azilemba chimene chachitika, mmene akumvera, ndi ganizo limene ladutsa m'mutu nthawi yomweyo, kuti pambuyo pake aliyeze ganizolo ngati lili loona. Kulemba kotereku kuli ngati kwa kalaliki wa pa sikelo ku esiteti ya tiyi. Wothyola akhoza kulumbira kuti sabata ino wagwira ntchito kuposa yatha, kapena kudandaula kuti palibe chimene wachita, koma kalaliki salemba zolumbira kapena zodandaula, amalemba makilo ndi tsiku, ndipo mwezi ukatha ndi pamene zimaoneka kuti masiku amvula zinali bwanji, munda uti unkabala bwanji. Kalaliki sakalipira munthu, amene amaiwala zimenezi kope lake limasanduka bwalo la milandu.

Wachiwiri ndi wokhuthula za mumtima. Mu 1986 James Pennebaker ndi Sandra Beall ku Texas anauza ophunzira a pa yunivesite kuti alembe mphindi 15 patsiku kwa masiku 4 otsatizana, ena za zinthu wamba, ena za chinthu chowawa kwambiri chimene anakumana nacho ndi mmene chinawakhudzira. Olemba zowawa aja ankatuluka ali okhumudwa, koma miyezi yotsatira ankapita ku chipatala cha pasukulu mocheperapo. Anthu anatengeka nazo kwambiri, kafukufuku wotere anachuluka, koma Joanne Frattaroli ataphatikiza zotsatira za kafukufuku 146 mu 2006 anapeza kuti phindu lilipo inde koma ndi laling'ono. Nde amene akukuuzani kuti kulemba kumachiza chilichonse akuwonjezera. Pali kafukufukunso wa Matthew Lieberman wa mu 2007 woonetsa kuti kungotchula dzina la mmene munthu akumvera, kuti uwu ndi mkwiyo, awa ndi mantha, kumaziziritsako mbali ya ubongo imene imachita phuma yotchedwa amygdala.

M'kopemo mumalembedwa chani

Tiyerekeze mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto pa siteji ya Chitakale, njinga si yake, madzulo aliwonse amayenera kupereka ya abwana. Tsamba lake likhoza kuoneka chonchi:

"Lachiwiri. Chiperoni tsiku lonse, makasitomala ochepa, ya abwana sinakwane, andikalipira pa foni cha m'ma 7. Nsima sindinadye, tiyi basi. 9 koloko ndalowa m'bulangete ndi foni ati ndingoona zigoli pa Facebook. 10 koloko ndili mu gulupu ija. Ganizo limene linabwera: tsiku laipa kale, palibe chotaya. Chibaba 8 pa 10. Ndaonera mpaka 12. Nditamaliza mutu kuwawa, kudzida."

"Lachinayi. Chibaba chabwera cha m'ma 9:30, 7 pa 10. Ndatuluka ndakatsuka njinga pakhonde, foni ndasiya pa tchaja. Pobwera chinali pa 3. Ndagona."

Mphindi 5 zakwana. Onani kuti sanalembe zimene anaonera, walemba zimene zinachitika asanaonere, ndipo tsiku limene sanaonere lalembedwanso, mwina ndi lofunika kuposa linalo chifukwa likumuonetsa chimene chinagwira ntchito. Lamulungu akawerenga masamba a sabata yonse, kapena a mwezi, ndi pamene amayamba kuona kuti si "nthawi iliyonse" ngati mmene ankaganizira, ndi masiku amene wakalipiridwa, wagona ndi njala, ndipo foni yalowa naye m'bulangete. Kwa wina zikhala masiku olandira malipiro, kwa wophunzira wa Fomu 4 zikhala usiku wowerengera mayeso, kwa bambo amene akazi awo ali kumudzi ku Thekerani iwo ali pa ntchito ku Limbe zikhala Loweruka masana kopanda wocheza naye. A magulu osiya mowa aja amatchula zinthu zinayi zoti munthu azidzifunsa, njala, mkwiyo, kusungulumwa ndi kutopa, ndipo mukaona tsamba la Lachiwiri lija zitatu zilimo kale.

Zikaoneka choncho gawo lotsatira ndi kulemba pulani yachindunji. Peter Gollwitzer anaonetsa mu 1999 kuti malonjezo a mtundu wa "zikachitika zakuti, ndichita chakuti" amasungika kuposa ongonena kuti "ndisintha". Nde m'malo molemba kuti kuyambira mawa basi ndasiya, mnyamata uja alemba kuti abwana akandikalipira, ndiyamba ndadya, foni igona pa tebulo la pabalaza. Zikumveka zazing'ono, koma zazing'onozo ndi zimene munthu angathe kuziyeza mawa lake kuti zatheka kapena ayi.

Kugwa, ndi kuwerenga masiku

Alan Marlatt wa ku yunivesite ya Washington, amene ntchito yake yopewa kubwerera ku mowa ndi mankhwala inatchuka kuyambira mu 1985, anapeza kuti anthu ambiri amabwerera akakhala ndi nkhawa kapena mkwiyo, akakangana ndi wina, kapena anzawo akawakoka. Anaonanso china, munthu amene analumbira kuti sadzakhudzanso, akangogwa kamodzi amati basi ndine wolephera, ndipo ganizo limenelo ndi limene limasandutsa kugwa kamodzi kukhala sabata yonse. Iye ankaphunzitsa kuti chibaba chimakwera, chimafika pachimake, kenaka chimatsika chokha ngati sunachidyetse, ndipo ntchito ya munthu ndi kuchiyang'ana chikudutsa. Manambala aja a 8 pa 10, 3 pa 10 ntchito yake ndi imeneyo, munthu adzionere yekha ndi dzanja lake kuti chinatsika.

Apa pali kusiyana maganizo pa nkhani yowerenga masiku. Gulu la pa intaneti lotchedwa NoFap limene linayamba mu 2011 linafalitsa zoti munthu akhale masiku 90 osaonera, osabunyula, kuti ubongo ubwerere m'chimake. Anthu ambiri amati kuwerengako kumawalimbitsa mtima ndipo palibe chifukwa chowatsutsa, koma nambala ya 90 sinachokere ku kafukufuku wa zachipatala, ndipo otsatira Marlatt amadandaula kuti munthu amene wafika tsiku 40 n'kugwa, akauzidwa kuti wabwerera pa 0 amaona ngati masiku 40 aja apita pachabe. Kope limawerenga mwa njira ina, mwezi watha masiku oonera anali 20, mwezi uno 9. Ine ndimaona kuti kuwerenga kotereku kumanena zoona zambiri, koma alipo amene popanda mzere wofiira woti "olo kamodzi ayi" sangayende, makamaka amene akusiya chifukwa cha chikhulupiriro.

Za kulemba tsiku lililonse nazo musadzipanikize nazo mopyola. Kafukufuku wa Phillippa Lally ku London anapeza kuti chizolowezi chatsopano chimatenga masiku pafupifupi 66 kuti chikhazikike, ena 18 okha ena mpaka 254, ndipo kudumpha tsiku limodzi sikunkawononga kanthu.

Pamene kope likhoza kupweteka

Ena akayamba kulemba amangobwereza zomwezo, ndine wauve, Mulungu sangandikhululukire, tsamba ndi tsamba, ndipo kuzunguliza maganizo koteroko kumadziwika kuti kumakulitsa matenda a nkhawa ndi kukhumudwa, zomwenso zimamubwezera munthu ku foni. Ena amalemba mwatsatanetsatane zimene aonera, kope n'kusanduka cholaula china. Enanso amaligwiritsa ntchito polumbira kuti sadzaganizanso za zimenezi, pamene Daniel Wegner anaonetsa kalekale mu 1987, pouza anthu kuti asaganize za chimbalangondo choyera, kuti ganizo ukalikaniza limabwera mowirikiza.

Ndiye pali nkhani ya chinsinsi, imene olemba malangizowa kunja saiganizira kwenikweni. M'nyumba za ku malayini a esiteti, kapena chipinda chimodzi cha lendi pa Luchenza chogona anthu anayi, kope ulibisa pati? Mwana alitenga kukalembamo masamu, mlamu alitsegula pofuna pepala loyatsira mbaula. Ena amalemba ndi zizindikiro zodziwa okha, ena amang'amba masamba akatha kuwerenga pa sabata n'kusunga manambala okha. Akazi anu kapena amuna anu akalipeza mwangozi nkhani ikhoza kukafika kwa ankhoswe musanakonzeke.

Ndipo ngati pansi pa kuonerako pali zina zolemera, kugwiriridwa uli mwana, mowa, kusagona, maganizo ofuna kudzipha, kope lokha silokwana ndipo kulemba zowawa uli wekha kukhoza kuvundula zimene sungathe kuzinyamula. Pamenepo pitani ku chipatala cha boma cha Mulanje kapena cha Thyolo mukafunse oona za matenda a maganizo, odwala kwambiri amawatumiza ku Zomba Mental Hospital, ndipo a St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Mafunso amene akadali poyera

Lalikulu ndi loti kodi kulemba pakokha kumathandiza pa zolaula, kapena kumathandiza kukakhala mbali ya uphungu? Umboni wambiri umene tatchulawu unachokera ku mowa, fodya, nkhawa ndi ophunzira a pa yunivesite. Kafukufuku wodziwika wokhudza zolaula zenizenizo, wa Jesse Crosby ndi Michael Twohig ku Utah mu 2016, anali wa amuna 28 okha, ndipo olo kuonera kwawo kunatsika kwambiri, anthuwo ankakumana ndi mlangizi ka 12, nde n'zovuta kusiyanitsa mphamvu ya kulemba ndi mphamvu yokhala ndi munthu wokumvetsera sabata iliyonse.

Cholinga nachonso sanagwirizane, kusiyiratu kapena kuchepetsa mpaka zisamasokoneze moyo? Mipingo ndi mizikiti yankho lake ndi lodziwika, alangizi ena amati munthu asankhe yekha, ndipo kope lomwelo likhoza kutumikira onse awiri. Sanagwirizanenso ngati kopelo liyenera kuonetsedwa kwa wina, mnzako wodalirika, abusa, kapena wapabanja, ena amati chinsinsi ndi chimene chimadyetsa vutoli, ena amati ukadziwa kuti wina awerenga umayamba kulemba zomusangalatsa.

Nanga amene sukulu analekera Sitandade 4, kapena amene za mumtima amazinena bwino m'Chilomwe chimene sanaphunzirepo kulemba? Ena akuti azijambula mawu pa foni madzulo aliwonse m'malo mwa kope, koma zikutanthauza kugwira foni yomwe ija, pa ola lomwe lija, ali yekha m'chipinda, ndipo alangizi ena amakana zimenezi pachifukwa chomwecho pamene ena amati bola kujambula kusiyana ndi kusasunga kalikonse.